Masamba a chamba akachita chikasu, musathamangire ndowa

Zimayambira kunsonga. Nsonga za masamba zimapserera ngati zayandikira moto, kenako m'mbali mwa tsamba mumauma, tsamba n'kupindikira pansi. Mlimi wa chamba chovomerezeka ndi boma akaona zimenezi m'mawa, phala silitsika, chifukwa m'mbewu imeneyi mwalowa ndalama zosati masewera: chiphaso, mbewu yoitanitsa kunja, mpanda, alonda ndi nyumba ya pulasitiki. Amatulutsa foni n'kujambula tsambalo. Ola lisanathe, anzake a m'gulu la pa WhatsApp amakhala atayankha kale, ndipo yankho lake ndi lomwe ladzaza m'mavidiyo a pa YouTube: tsukani dothi bambo, thirani madzi ambirimbiri mpaka atulukire pansi, mbewu ipuma. Alimi akunja amati flushing.

Langizoli si labodza lonse. Pali vuto limodzi lomwe madzi ochuluka amathetsadi, ndipo amalithetsa msanga. Koma masamba a chamba amachita chikasu pa zifukwa zambiri, ndipo pa zambiri mwa zifukwazo kuthira ndowa zitatu zamadzi ndi kuonjezera mavuto.

Ulimiwu ndi wachilendo kwa ife ngakhale chamba chokha si chachilendo. Pamene a Boniface Kadzamira, omwe panthawiyo anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, ankabweretsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzawo ena anawaseka. Kampani ya Invegrow inayesera kulima chamba cha mafakitale ku Chitedze, ndipo mu February 2020 aphungu anavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Kusuta kunakhalabe mlandu. Bungwe la Cannabis Regulatory Authority litayamba ntchito, chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000, cha mafakitale pa madola 2,000. Amene analipira ndalama zotere anapeza kuti alangizi ambiri a m'madera mwawo anaphunzira za chimanga, fodya ndi mtedza. Za chamba, mphunzitsi wapafupi anali foni. Ndipo ambiri mwa omwe amalankhula m'mavidiyowo ali ku California, ku Colorado kapena ku Canada, akulima m'nyumba, pansi pa magetsi, m'zidebe zodzaza ulusi wa makoko a kokonati, akuthirira feteleza wosungunula tsiku ndi tsiku. Zomwe akunena n'zoona m'chidebe chawocho. Munda wa katondo wa ku Kasungu ndi nkhani ina.

Tiyambe ndi pomwe kutsuka kumagwira ntchito. Feteleza wa m'sitolo ndi mchere. Mukamathirira mbewu ya m'chidebe ndi madzi osungunuliramo feteleza, mbewu imamwa madzi, ena amauma ndi dzuwa, koma mchere womwe mizu sinatenge umatsalira. Mawa mukathiranso, wina umaonjezekera. Pakatha masabata angapo, dothi la m'chidebemo limakhala ndi mchere wochuluka kotero kuti mizu imalephera kukoka madzi, ngakhale dothilo lili lonyowa. Mbewu imafota ngati ili pachilala. Nsonga zimapsa, masamba amabiriwira mopitirira muyeso n'kupindika ngati zikhadabo, ndipo nthawi zina pamwamba pa dothi ndi m'mabowo a pansi pa chidebe pamaoneka zoyera ngati phulusa. Apa madzi ndiwo yankho. Ndiwo zikawawa mchere, mayi amathirako madzi. Koma palibe mayi amene amathira madzi m'ndiwo zosakolera mchere n'kumayembekeza kuti zikoma.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Amathira pang'onopang'ono madzi ochuluka kawiri kapena katatu kukula kwa chidebe, kuwasiya atuluke onse pansi, osalola chidebe kukhala m'madzi otulukawo. Chomwe ambiri amaiwala ndi chotsatira chake. Madzi sasankha. Amachotsa mchere wosafunika pamodzi ndi nayitirojeni ndi salufa zomwe mbewu ikuzifunabe. Choncho akamaliza kutsuka, mlimi wodziwa amathiranso feteleza wochepa mphamvu, kuti mizu isakhale ndi njala. Mu ulusi wa kokonati zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ulusiwo umagwira kashiyamu ndi maginiziyamu n'kumana mbewu. Ukautsuka ndi madzi okhaokha, pakatha masiku ochepa masamba amatuluka mawanga a dzimbiri, mlimi n'kuganiza kuti sanatsuke mokwanira, n'kutsukanso.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti vuto ndi mchere? Osati ndi maso okha. Olima maluwa ndi ndiwo zamasamba m'nyumba za pulasitiki ali ndi njira yomwe akatswiri a pa North Carolina State University ku America akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo imatheka ngakhale pakhonde. Thirirani mbewu monga mwa masiku onse, dikirani ola limodzi. Ikani mbale yoyera pansi pa chidebe. Thirani pamwamba madzi abwino ochepa chabe, okwanira kukankhira pansi madzi omwe ali m'mizu, mpaka m'mbale mugwe pafupifupi mamililita 50. Madzi a m'mbalewo, omwe nthawi zambiri amaoneka ofiirira ngati tiyi wosalowerera, ndi omwe mizu ikumwa. Viikanimo kachipangizo koyezera mchere, kotchedwa EC mita, ndi kena koyezera pH. Ngati nambala ya mchere yakwera kutali kuposa ya madzi omwe mumathirira, tsukani. Ngati ili yotsika, mbewuyo ili ndi njala, ndipo ndowa ikhale pomwe ili.

Pa pH ndi pomwe ambiri amasochera. Muyeso umenewu umaonetsa kuchuluka kwa asidi, kuchokera pa 0 kufika pa 14, pakati pake ndi 7. Kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi, choncho kusiyana kwa 6 ndi 5 si kwakung'ono monga kumamvekera. Chamba cha m'nthaka chimakula bwino pakati pa 6 ndi 7. Cha mu ulusi wa kokonati kapena cha m'madzi chimafuna potsikirapo, pakati pa 5.5 ndi 6.5. Kunja kwa malirewa chakudya chimakhalamo m'dothi koma mizu singachitenge. pH ikakwera kwambiri, ayironi amamangika, ndipo masamba anthete a kunsonga amachita chikasu pomwe mitsempha yake ikadali yobiriwira. Ikatsika kwambiri, fosiforasi amamangika, kashiyamu ndi maginiziyamu amasowa, pomwe aluminiyamu ndi manganizi amasungunuka mpaka kuwononga mizu.

Funso lofunika apa ndi lakuti chakweza kapena chatsitsa pH n'chiyani. Kawirikawiri m'zidebe wolakwa amakhala madzi omwewo. Madzi a m'mijigo ina amadutsa m'miyala ya laimu. Ndi aja amasiya zoyera m'ketulo ndipo sopo sachita thovu msanga. Madzi otere amakweza pH pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukathirira. Tsono mlimi akaona chikasu kunsonga n'kutsuka ndi madzi a pamjigo womwewo, wathira katatu chinthu chomwe chadwalitsa mbewu yake. Chofunika ndi kukonza madziwo asanafike pa mizu, pothiramo asidi woyezedwa bwino, kapena kusakaniza ndi madzi a mvula okololedwa padenga. Kumadera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe madzi a pansi amawawa mchere, kutsuka mchere ndi madzi amchere n'kutaya nthawi ndi dizilo.

Kumunda nkhani imatembenuka. Kumeneko kutsuka kumachitika kale chaka chilichonse popanda wopempha: mvula ya January ndi February. Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa zomwe zimachitika akathira feteleza wobereketsa pa dothi lamchenga kenako mvula ya mvumbi n'kugwa sabata yathunthu. Feteleza amalowa pansi pomwe mizu sifika, chimanga n'kuyezuka. Mvula yomweyo, pa zaka zambiri, ndi yomwe imakokolola kashiyamu ndi maginiziyamu n'kusiya nthaka ya asidi, ndipo feteleza wa Urea ndi wa Sulphate of Ammonia akamathiridwa chaka ndi chaka amaonjezera asidiyo. Nthaka yotere simungaichize ndi madzi, chifukwa asidi wake wagwirira ku timbulumbulu ta dothilo. Mukathira madzi, pH imasuntha pang'ono n'kubwerera pomwe inali. Chimene chimathandiza ndi laimu wa ulimi, makamaka wa dolomite yemwe ali ndi maginiziyamu, wosakanizidwa ndi dothi miyezi ingapo musanabzale, pamodzi ndi manyowa owola bwino. Ndi ntchito yosafuna phuma, ndipo n'chifukwa chake siitchuka pa foni. Munthu amene mbewu yake ikufa lero safuna kumva za miyezi itatu.

Tsamba lokha limanena zambiri kwa amene waliyang'ana modekha. Chikasu chikayambira pa masamba akale a m'munsi n'kumakwera, tsamba lonse lofanana, nthawi zambiri ndi njala ya nayitirojeni: mbewu ikusamutsa chakudya kuchoka ku masamba okalamba kupita ku anthete. Mbewu yotere mukaitsuka mwaimana kachakudya kochepa komwe kanatsala. Masamba akale akachita chikasu pakati pa mitsempha, ganizirani maginiziyamu. Akakhala anthete, ganizirani ayironi ndi pH yokwera. Ndipo chamba chikayandikira kukhwima, masamba ena a m'munsi amayezuka okha mwachilengedwe, popanda cholakwika chilichonse.

Pali ngozi ina yomwe imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, chifukwa imabwera mwakachetechete. Mizu imapuma. Dothi likadzaza madzi kwa masiku, mpweya umatha, mizu yoyera ija imasanduka yofiirira, yoterera, ya fungo la chithaphwi, ndipo nkhungu zowoletsa mizu monga Pythium zimapeza pokhala. Mbewu yowola mizu imafota n'kuchita chikasu, maonekedwe omwe amafanana kwambiri ndi a mbewu yopsa ndi feteleza. Ambiri mwa amene amauzidwa kuti atsuke amakhala kuti vuto lawo loyamba linali kuthirira mopitirira. Musanatunge madzi, nyamulani chidebecho. Ngati chikulemera ngakhale padutsa masiku awiri osathirira, zulani mbewu imodzi yodwalitsitsa muone mizu yake ndi kuinunkhiza. Kutaya mbewu imodzi n'kwabwino kusiyana ndi kumiza mzere wonse. Pa dothi la makande, lomwe silitaya madzi msanga, kutsuka kusaganiziridwe n'komwe.

Pali kutsuka kwa mtundu wina komwe kumasokonezedwa ndi kumeneku: kusiya feteleza sabata imodzi kapena awiri musanakolole n'kumathira madzi okha, poganiza kuti maluwa ayera m'kati. Zimenezi zinayesedwa. Mu 2017, Jonathan Stemeroff wa pa University of Guelph ku Canada, pa kafukufuku wa digiri yake yachiwiri, anapeza kuti kutsuka sikunachepetse michere yomwe inali m'maluwa. Pambuyo pake kampani ya Rx Green Technologies ya ku America inayesa chamba cha mtundu wa Cherry Diesel, mbewu zina osatsuka n'komwe, zina masiku 7, zina 10, zina 14, ndipo sinapeze kusiyana kwenikweni pa zokolola kapena pa mphamvu ya THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba. Ndi bwino kukumbukira kuti kampaniyi imagulitsa feteleza, choncho ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Komabe zomwe inapeza zikugwirizana ndi za ku Guelph. Phindu looneka ndi lakuti feteleza wa masabata omalizawo mukhoza kumusunga osataya zokolola, ndipo ndi mitengo ya feteleza ya masiku ano, limenelo si phindu lochepa.

Chomwe mlimi wa kuno ayenera kutolapo ndi chakuti zomwe zalowa m'duwa sizitulukanso ndi madzi. Chamba ndi mbewu yomwe imayamwa zitsulo zoopsa monga cadmium ndi mtovu ngati zili m'nthaka, ndipo cadmium amayamwika kwambiri nthaka ikakhala ya asidi. Ogula chamba cha mankhwala ku Ulaya amayeza zitsulo zimenezi, amayezanso nkhungu ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo, ndipo katundu akalephera amakanidwa yense. Palibe ndowa ya sabata yomaliza yomwe ingapulumutse katundu wotere.

Malo oyezera nthaka tili nawo: ku Chitedze, ku Bvumbwe, ndi ku ARET komwe alimi a fodya akhala akutumiza dothi lawo kwa zaka zambiri. Tizipangizo toyezera pH ndi mchere mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chiphaso, ngakhale timafuna kusamalidwa ndi kuwongoleredwa pafupipafupi ndi madzi ake apadera kuti tisamaname. Ndikanakonda kuti makalabu ndi makopaletivu omwe anasonkha ndalama zogulira ziphaso asonkhenso zochepa zogulira tizipangizoti, aphunzitse munthu mmodzi kutigwiritsa ntchito, ndipo potumiza dothi kokayezetsa atumize pamodzi ndi botolo la madzi a pachitsime kapena pamjigo womwe adzathiririre.