UKONDE WA KANGAUDE NDI MONO WA NSUNGWI

Anthu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma akhala kutari ndi Nyanja, ndipo nsomba imene ambiri aidziwa ndiyo usipa wouma wogula pamsika. Koma dziko lao liri ndi madambo ambiri ndi timitsinje, ndiponso mtsinje wa Namitete umene uthira madzi ace m'Bua. M'madzi amenewa muli milamba, matemba ndi nkhanu, ndipo kuyambira kale lomwe anthu amazipha ndi zida zopanga okha ndi zinthu za m'thengo. Zida zina zisiya mbeu ya nsomba m'madzi, zina zimaliza zonse. Nkofunika kuti anthu adziwe kusiyana kwace.

MSODZI WOPANDA MBEDZA

Si kuno kokha kumene anthu atenga zida zao kuthengo. Ku Solomon Islands, zisumbu za m'nyanja yaikuru ya Pacific, kuli luso lakale lopha nsomba ndi ukonde wa kangaude. Msodzi alowa m'nkhalango ndi kamtengo ka mphanda, nakulungirapo ukonde wa kangaude wamkuru kufikira ulusi wace ukhala kamtolo. Atatero asoka masamba ouma a mtengo wonga mgwalangwa, napanga kaiti monga zija aulutsa ana a sukulu. Cingwe cimodzi agwira iye mwini ali m'bwato, cina cilendewera pansi pa kaiti, ndipo ku nsonga yace amangako ulusi uja.

Mphepo ikanyamula kaiti, ulusi ulumphalumpha pamwamba pa madzi monga kansomba kothawa. Nsomba imene msodzi aifuna iri yaitari, ya mlomo wosongoka wodzala ndi timano tambiri. Ikaluma nyamboyo timano tace tikodwa mu ulusi, ndipo siingathe kulabvula. Msodzi akaona kaiti iri kugwedezeka adziwa kuti ndiwo zapezeka.

Akangaude akuru a ulusi wacikasu alipo m'Malawi muno, koma nsomba ya mlomo wotere mulibe m'madambo a Lilongwe. Tsono cofunika kuona pa nkhaniyi ndi ici: cida cimeneci cigwira nsomba imodzi ya mtundu umodzi, ndipo zina zonse zitsala. Zida zabwino za kuno zicita cimodzimodzi.

MONO NDI BIYO

Mono ulukidwa ndi nsungwi zong'amba kapena bango, ndi kumangidwa ndi luzi. Pakamwa pace pali potakata, koma m'kati muli kakhomo kopapatiza, ka nsonga zoloza kumbuyo, kotero kuti nsomba ilowa bwino koma isowa poturukira. Ena aikamo gaga kapena mkute wa nsima kuti zikhale nyambo. Nzeru yaikuru ya mono iri m'mipata ya pakati pa nsungwi. Woluka wodziwa nchito asiya mipata yoti tiana ta nsomba tidzipulumukirapo, ndi kutsalamo zazikuru zokha.

Mvula ikagwa kwambiri m'Disembala ndi Januwale, madzi asefukira m'madambo, ndipo milamba ndi matemba zikwera kukaikira mazira m'udzu. Tiana tikulira momwemo, popeza muli cakudya cambiri ndi pobisala. Madzi akayamba kuphwa m'masika nsomba zitsikira kumtsinje. Pamenepo anthu amanga mpanda wa mitengo ndi bango m'khwawa, umene ena aucha biyo, nachera miono m'mipata yace. Kuchera pa nyengo yotsika nsomba kuli monga kukolola. Koma wochera pa nyengo yokwera, nsomba ziri ndi mazira m'mimba, afanana ndi mlimi wokazinga mbeu yace mvula iri pafupi. Ndiponso biyo lotseka mtsinje wonse tsidya lino ndi tsidya lija liri loipa. Payenera kutsala njira.

MBEDZA NDI KUKAPA

Anyamata aweza ndi ndodo ya bango kapena nsungwi yaing'ono, nyongolotsi ndizo nyambo, ndi kaphesi koyandama kosonyeza kuti nsomba yadya. Nailoni isanafike, zingwe zinapotedwa pa ncafu ndi bwazi kapena khonje. Mbedza siingathe nsomba m'mtsinje, cifukwa igwira imodzi imodzi.

M'cilimwe, timitsinje tikaduka ndi kutsala maiwe okha, amai ndi ana aunda mcinjirizo wa matope nakapa madzi kufikira nsomba zioneka. Zambiri zikhala milamba, pakuti mlamba upuma mpweya wa kunja ndipo ukhala wamoyo m'matope momwe nsomba zina zifa. Woigwira acenjere ndi minga iwiri ya m'mbali mwa mutu wace. Kukapa thamanda loti liuma ndithu sikulakwa, popeza nsomba zace zikadafa cabe. Koma maiwe akuya osaphwa ayenera kulekedwa, cifukwa m'menemo ndimo mukhala nsomba zodzaswana dzinja likudzalo.

KATUPE NDI MASIKITO

Si zonse za makolo ziri zabwino. Kale anthu anasinja masamba a mthuthu, umene ena ati ombwe, kapena kutenga utomoni wa nkhadze, nathira m'dziwe kuti nsomba zilephere kupuma ndi kuyandama. Mankhwala otere achedwa katupe, ndipo sasankha: apha zazikuru ndi tiana tomwe. Lero ena acita coipa coposa, pothira m'madzi mankhwala ophera tizirombo m'munda, ndi kuika pangozi ng'ombe zomwa pamenepo ndi anthu odya nsombazo. Lamulo la Boma losunga nsomba la caka ca 1997 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena ndi zophulika, ndipo wolakwa angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa. Mthuthu uli ndi nchito yabwino m'munda, kumene uonjeza conde m'nthaka.

Bvuto lina ndilo masikito. Boma ligawa masikito kuti anthu agonemo ndi kupewa malungo, koma ena awatengera kudambo. Maso a masikito anapangidwa kuti udzudzu usapite. Nanga kansomba kadzapita bwanji? Banja lotero litaya kawiri: usiku ana alumidwa ndi udzudzu, ndipo caka camawa dambo likhala lopanda ndiwo.

Asaganize munthu kuti nsomba sizitha. M'zaka za m'ma 1950 nchila inali imodzi ya nsomba zophedwa zocuruka ku Nyanja, koma inacepa kwambiri m'zaka za m'ma 1960, ndipo kufikira lero siinabwerere monga kale. Ngati zotere zinacitika m'Nyanja yaikuru, dziwe la kudambo lingathe kutha m'nyengo zowerengeka.

Cifukwa cace mafumu ayenera kupangana ndi anthu ao za maiwe osakapidwa, za nyengo yochera miono, ndi za cilango ca wothira katupe. Aphunzitsi angacite bwino kuitana nkhalamba yodziwa kuluka mono kuti ikaonetse ana a sukulu, ndi kuwauza cifukwa cace isiya mipata pakati pa nsungwi.