Malire a memory pa seva amateteza ntchito ya ofesi yonse

Seva ndi kompyuta yaikulu imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito nthawi imodzi ali m'maofesi awo. Chimodzi mwa zinthu zimene amagawana ndi memory, kapena kuti RAM, momwe pulogalamu iliyonse imasungiramo zomwe ikugwirapo ntchito panthawiyo.

Vuto limadza pamene munthu mmodzi wayambitsa ntchito yolemera, monga kusanthula kaundula wamkulu, n'kutenga pafupifupi memory yonse. Zikatero makinawo amayamba kusamutsira zinthu zina pa disiki, yomwe imachedwa kwambiri, ndipo aliyense amaona ngati kompyuta yaima.

Pa makina oyendera Linux, memory ikatheratu, gawo lotchedwa OOM killer limazimitsa pulogalamu pofuna kupulumutsa seva. Kawirikawiri limasankha pulogalamu imene yatenga memory yochuluka, ndipo imeneyi ikhoza kukhala database yomwe ofesi yonse imadalira, monga ya malipiro, osati ya amene wayambitsa vutolo.

Njira yakale yopewera izi ndi lamulo la ulimit pamodzi ndi fayilo ya limits.conf. Kufooka kwake n'kwakuti malire a memory amagwira pa pulogalamu imodziimodzi. Mwachitsanzo, munthu wopatsidwa 2 GB akatsegula mapulogalamu 10 akhoza kutenga 20 GB popanda kuphwanya lamulo.

Kusiyana ndi njirayi, cgroups imasonkhanitsa mapulogalamu onse a munthu m'gulu limodzi n'kuwerengera memory yawo pamodzi. Ntchitoyi anaiyamba ndi akatswiri a kampani ya Google, Paul Menage ndi Rohit Seth, mu 2006, ndipo inalowa mu Linux 2.6.24 yomwe inatuluka mu 2008. Mtundu wachiwiri wa cgroups unakhazikika mu Linux 4.5 mu 2016.

Pa maseva ambiri a Linux, pulogalamu ya systemd imaika wogwiritsa ntchito aliyense m'gulu lakelake. Woyang'anira makina amatha kuika malire awiri. Munthu akapyola MemoryHigh, mapulogalamu ake amachedwetsedwa ndipo makina amayesetsa kumulanda memory ina. Akafika pa MemoryMax ndipo memory yalephera kubwezedwa, OOM killer imazimitsa pulogalamu ya m'gulu lake lokha, anzake n'kupitiriza ntchito.

Ngakhale zili choncho, malire otsika kwambiri amaononga ntchito yoyenera, kaamba koti lipoti lalikulu likhoza kudukira panjira. N'chifukwa chake akuluakulu a nthambi akuyenera kuonetsetsa kuti a zamakompyuta ayamba ayeza memory imene dipatimenti iliyonse imafuna, makamaka kumapeto kwa mwezi ntchito ikachuluka, komanso kuti asiyako gawo la seva yeniyeniyo ndi database.

Ogwira ntchito nawonso ayenera kudziwitsidwa za malire awo ndi ndondomeko yopemphera kuti awaonjezere pakafunika kutero.