Denga Likadontha: Za Nyumba za Lendi ku Bulawayo

Amuna ambiri a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, maiko amene lero achedwa Malawi ndi Zambia, anapita ku Bulawayo kukagwira nchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Lamulo la caka ca 1946 linakakamiza olemba nchito kulipirira anchito ao malo ogona. Koma lero zidzukulu za amuna aja, za ku Makokoba, ku Sizinda ndi kwina, zidzilipirira zokha lendi, ndipo ena apereka ndarama kwa kampani yoyang'anira nyumba, osamuona konse mwini wace. Nanga denga likadontha, akonze ndani?

Kampaniyo iri ngati kapitao wa mwini nyumba. Mwa lamulo la Zimbabwe, mwini ayenera kupereka nyumba yoyenera kukhalamo anthu, ndi kuisunga cotero. Malata obooka, khoma long'aluka, mipope yadzimbiri ndi mawaya a magetsi okalamba, zonsezi ziri kwa mwini. Koma galasi limene mwana waswa, kiyi wotayika, ndi cimbudzi cotsekeka cifukwa ca zinyalala, ziri kwa wokhalamo. Nthawi zina pepala la pangano lisintha zina mwa izi. Cifukwa cace munthu aliwerenge bwino asanasaine.

Coonongeka cikaoneka, wokhalamo asangonena pakamwa, pakuti mau a pakamwa auluka. Alembe kalata kwa kampani, aikepo tsiku, achule coonongekaco, napemphe kuti amuuze tsiku limene mmisiri adzafika. Kalata yina yofanana nayo asunge yekha, pamodzi ndi cithunzi ca pamene paonongeka. Za denga anene mvula ya November isanayambe. Akulu anati, pakadafunda padajiwitsa galu.

Colakwa cacikuru cimene ambiri acita ndico kuleka kulipira lendi cifukwa ca mkwiyo. Potero apatsa kampani cifukwa cowasumira, ndipo mlandu wa denga usanduka mlandu wa ngongole. Zoonadi, lamulo lilola kuti lendi icepe ngati mbali ya nyumba siikhalika, koma ncanzeru kuti kucepako kupanganidwe polemba, kapena kugamulidwe ku bwalo. Cimodzimodzinso wofuna kuitana mmisiri yekha ndi kucotsa mtengo wace pa lendi ayambe walandira cilolezo colembedwa, nasunge malisiti onse.

Kampani ikakhala cete, njira zilipo. Makampani otere ayang'aniridwa ndi bungwe la Estate Agents Council, limene lilandira madandaulo. Mlandu wa ndarama upita ku bwalo la majisitireti, ku Tredgold Building. Wosowa ndarama za loya angafunse uphungu ku Legal Resources Foundation. Ndipo wodandaula asaope kuti amturutsa usiku: gawo 74 la malamulo akuru a dziko, a caka ca 2013, liletsa kucotsa munthu m'nyumba popanda cigamulo ca bwalo. Mwini wocotsa citseko kapena wosintha loko kuti athawitse munthu, iye ndiye wolakwa.

Omvera a ku Lusaka ndi a ku Blantyre adziwe kuti malamulo a kwao asiyana ndi awa pena ndi pena. Koma ku bwalo liri lonse, munthu wofika ndi kalata yace ndi malisiti a lendi ya miyezi yonse amveka msanga kuposa wofika ndi mkwiyo wokha.