Mau Akale a Chingerezi Amene Angatisokeretse m'Baibulo

M'nyumba zambiri za Akhristu muli Baibulo la Chingerezi la King James. Makolo amalisunga mwaulemu, ndipo anyamata ndi atsikana a sukulu amaliŵerenga pa misonkhano yao. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1611, Mfumu James ya ku England ndi Scotland italamula mu 1604 kuti akatswiri alimasulire. Papita zaka zoposa 400, ndipo chinenero sichikhala pamodzi. Mau ena amalembedwa chimodzimodzi mpaka lero, koma tanthauzo lao linasintha. Mau otereŵa ndiwo oopsa, chifukwa munthu amaganiza kuti wamva pomwe sanamve.

Tiyambe ndi "suffer". Mwana wa sukulu amadziŵa kuti ndiko kuzunzika. Nanga pa Marko 10:14, kodi Ambuye Yesu afuna kuti tiana tizunzike? Iai ndithu! Masiku amenewo liuli linkatanthauzanso kulola. Yesu anali kudzudzula ophunzira ake chifukwa chokaniza ana kufika kwa Iye.

"Let" ndi liu limene linatembenukiratu. Lero ndiko kuloleza, koma pa Aroma 1:13 likutanthauza kutsekereza: Paulo anafunitsitsa kupita ku Roma, koma panali zomulepheretsa. Chimodzimodzinso "prevent" pa 1 Atesalonika 4:15. Lero ndiko kuletsa, koma linachokera ku Chilatini, kumene limatanthauza kutsogola. Paulo akutonthoza anamfedwa kuti pa kubwera kwa Ambuye, amoyo sadzatsogolera abale ao amene anagona kale. Wosadziŵa ichi amataya chitonthozo chonse cha ndimeyi.

Amai a m'banja ayenera kusamala ndi "conversation" pa 1 Petro 3:1. Lero liuli ndilo kucheza, koma kale linali khalidwe la munthu. Petro akuti mwamuna wosakhulupirira angakopedwe ndi makhalidwe abwino a mkazi wake, ngakhale popanda mau. Womva molakwa angayese kuti walamulidwa kulalikira mwamuna wake usana ndi usiku, pamene Petro akuphunzitsa zosiyana.

Pa 1 Akorinto 13 pali "charity", limene lero limanena za mphatso zopatsa osauka. Koma ndime 3 ikusonyeza kuti munthu angathe kupereka chuma chake chonse, nakhalabe wopanda chinthu chimenechi. Liuli likunena chikondi. Ndiponso "quick" pa 2 Timoteo 4:1 sakunena anthu aliŵiro, koma amoyo, amene Khristu adzaweruza pamodzi ndi akufa.

Pali ena amene amaseka "thou", "thee" ndi "ye". Ife a Chicheŵa sitiyenera kuvutika nao, pakuti tili ndi "iwe" ndi "inu". M'Baibuloli "thou" ndi "thee" amanena munthu mmodzi, pamene "ye" ndi "you" amanena ambiri. Taŵerengani Luka 22:31-32. Satana anapempha ophunzira onse, koma Yesu akuuza Petro kuti wampempherera iye payekha. Chingerezi cha lero sichisiyanitsa zimenezi, koma chakale ndi chathu chomwe zimasiyanitsa.

Tsono tichitenji? Sitikunena kuti Baibulo lakaleli litayidwe. Koma achinyamata inu, musanaime pamaso pa anzanu, ikani Buku Lopatulika pambali pake, nimufanizire ndime ndi ndime. Ngati muli ndi lina la Chingerezi chatsopano, monga Revised Standard Version la 1952, liŵerengeninso. Pamene zikusiyana, funsani abusa kapena akulu a mpingo, pakuti kufunsa ndiko kudziŵa njira.

Ndipo inu makolo, pa mapemphero a madzulo, mwana akaŵerenga m'Chingerezi, mfunseni kuti afotokoze m'Chicheŵa chimene wamva. Mau a Mulungu sanapatsidwe kuti angomveka bwino m'khutu, koma kuti azindikiridwe ndi kutsatidwa.