Timafunso ta pa Facebook tija

Ndikaona mnzanga akuyankha timafunso ta pa Facebook toti "tikuuzeni khalidwe lanu", mtima umandiwawa. Ndimakumbukira nkhani ya kampani ya Cambridge Analytica, yomwe inaululika mu 2018. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha mafunso otere pa pulogalamu ina. Podina batani lovomera, anaperekanso za anzawo: mayina, masiku obadwa, kumene amakhala, masamba amene anawakonda. Motero mbiri za anthu ofika 87 miliyoni zinatengedwa eni ake osadziwa, zina n'kugwiritsidwa ntchito ndi kampaniyi pofuna kukopa ovota ku America.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anzawowo sanadine kalikonse. Potsatira nkhaniyi, mu 2019 Facebook inalipitsidwa chindapusa cha madola 5 biliyoni.

Inu owerenga, musanavomere pulogalamu iliyonse, yambani mwawerenga zimene ikupempha kuona.