Kodi mumadziwa? Madzi ali ndi eni ake

Kodi mumadziwa kuti mtsinje wa Shire unalekapo kuyenda? Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja ya Malawi inaphwera kwambiri moti mchenga ndi zomera zinatseka potulukira madzi ku Mangochi. Zitachitikanso lero, makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira angaime onse. N'chifukwa chake zitseko za baraji ya Kamuzu ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, satsegula mwachisawawa: akatswiri amachita kuyeza madzi oti adutse.

Nanga zoti madzi ambiri a m'mipopi ya mu Blantyre amachita kukwera phiri? Amawapopa ku Walker's Ferry pa Shire pomwepo, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza mamita pafupifupi 800. Magetsi akathima kumeneko, konzani zigubu.

Kodi mumadziwa kuti malo angakhale anu, koma madzi a pansi pake ayi? Lamulo la madzi la 2013 limati madzi onse ali m'manja mwa boma, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority loti lizipereka zilolezo. Kutunga ndowa yakumwa kapena yochapira, palibe angakufunseni. Koma kupatutsa mtsinje kuti muthirire esiteti, kapena kutayiramo zoipa za m'fakitale, pamafunika chikalata.

Ndipo Shire si wathu tokha. Amakathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo maiko 8 ndiwo amagawana madzi a chigwa chimenechi kudzera m'bungwe la ZAMCOM.

Koma lamulo lomwe limandigometsa ine silinalembedwe ku nyumba ya malamulo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, mwambo womwe unayamba m'ma 1950. Asodzi amapakira makoka ndi nyali zawo m'mabwato, chilumba n'kutsala zii mpaka cha mu Epulo. Chikatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga saloledwa kumeneko, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa pachilumbapo. Utaka wa ku Mbenje umadziwika ndi kunona.

Komaliza: nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar, ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mu 1995 inauma gwa, anthu n'kumayenda pansi pomwe ankaponya maukonde.