Kuzulitsa dzino: zochitika pampando wa dokotala

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo dzino likazulidwa silimeranso. N'chifukwa chake dokotala amayamba waona ngati dzino lobooka lingamatidwe kapena kuchizidwa mkati mpaka kumizu. Vuto n'lakuti ambiri amafika mochedwa. Amayamba apirira miyezi, kumwa Panado usiku uliwonse, ena mpaka kuika piritsi la asipirini pabowopo, zomwe zimangowotcha nkhama. Pomafika kuchipatala tsaya litatupa, chotsala chimakhala kuzula basi.

Mu Lusaka, wokhala ku Avondale savutika mtunda. Chipatala cha Levy Mwanawasa, chomwe chinatsegulidwa mu 2011, chili m'mbali mwa msewu wa Great East, pamene minibasi zochokera ku Avondale ndi Chelstone zimadutsa popita m'tauni. Matenda ovuta a nsagwada amaonedwanso kuchipatala cha UTH, ndipo zipatala zolipira zilipo ku Woodlands, Kabulonga ndi madera ena. Amene ali pa inshulansi ya NHIMA ayenera kufunsiratu ngati chipatalacho chimalandira khadi lawo. Kulikonseko, wogwira ntchitoyo ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia.

Asanagwire chitsulo, dokotala amafunsa mafunso, ndipo apa sipofunika kubisa kanthu. Matenda a shuga amachedwetsa kupola kwa bala. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, angachititse kuti magazi asaleke msanga. Kuthamanga kwa magazi, vuto la mtima ndi pathupi nazonso ziyenera kunenedwa. Ngati mizu ikukayikitsa, amajambula dzinolo ndi X-ray.

Kenako pamabwera jakisoni wochititsa dzanzi, amene ambiri amamuopa kuposa kuzula kwenikweniko. Pakangopita mphindi zochepa, mlomo ndi nkhama za mbali imeneyo zimalemera ngati si zake. Dzino silimangozulidwa ndi mphamvu ayi. Dokotala amayamba waligwedeza pang'onopang'ono ndi kachitsulo kuti timinofu tolimangirira ku fupa tilekane, monga amachitira mlimi pozula chinangwa kuti chisathyokere m'nthaka, kenako amaligwira ndi chopanira n'kulitulutsa. Wodwala amamva kukankha ndi kaphokoso, koma ululu sayenera kuumva. Akaumva anene, kuti dokotala awonjezere mankhwala. Mano omera pomaliza, amene amatuluka pakati pa zaka 17 ndi 25, nthawi zina amagona chopingasa m'fupa, ndipo powazula pamafunika kucheka nkhama ndi kusoka.

Gawo limene ambiri amalipeputsa ndi la kunyumba, chikhalirecho ndilo limaonetsa ngati bala lipole bwino. M'dzenje momwe munali dzino mumaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo amaphimba fupa. Wodwala amaluma thonje kwa mphindi pafupifupi 30. Kwa maola 24 oyamba sayenera kuchukucha m'kamwa, kulavula pafupipafupi, kuyamwa chakumwa ndi kapaipi, kusuta fodya, kumwa mowa kapena kugwira ntchito yolemetsa. Phala lozizirirapo, nthochi kapena mbatata yofewa n'zokwanira. Chimanga chootcha ndi tiyi wotentha zidikire. Tsiku lotsatira angayambe kuchukucha mofatsa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndi kutsuka mano enawo monga mwa nthawi zonse.

Magazi oundanawo akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda. Ululu wake umayamba pakapita masiku awiri kapena atatu, umafika mpaka kukhutu, ndipo m'kamwa mumanunkha. Osuta fodya ndiwo amakumana nazo kawirikawiri. Zikatero ndi bwino kubwerera kwa dokotala kuti akatsuke balalo ndi kuikamo mankhwala, kusiyana ndi kukagula maantibayotiki pakauntala.

Pakamwa pakatsala mpata, mano oyandikana nawo amayamba kupendekera komweko pang'onopang'ono, choncho ndi bwino kufunsa za dzino loikirira bala likapola. Nkhama zimatseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma fupa limatenga miyezi. Magazi osaleka ngakhale ataluma thonje, kutentha thupi, kutupa kotsikira kukhosi, kulephera kumeza kapena kupuma bwino, zimenezi sizidikira kuti kuche: wodwala apite kuchipatala nthawi yomweyo.